Musamangokolopa, kwerani padenga

Teremu yathayi, mlembi wa pasukulu yomwe ndimaphunzitsa anatsala pang'ono kulira. Outlook, pulogalamu yomwe amalandirira maimelo, inakana kutseguka, ati fayilo yaonongeka. Mmenemo munali makalata a makolo ndi a zokhudza mayeso. Katswiri wa makompyuta anabwera, nagwiritsa ntchito kapulogalamu kotchedwa scanpst, zinthu n'kuyambanso kuyenda. Patangotha masabata awiri, yaonongekanso. Anakonzanso. Kenaka kachitatu.

Maganizo anga ndi awa: chinthu chikamaonongeka mobwerezabwereza, kukonza kokha n'kutaya nthawi. Kuli ngati kukolopa pansi denga likudontha. Funso la wasayansi ndi lakuti, chikuiwononga n'chiyani?

Tiyambe tamvetsa mmene fayiloyi ilili. Outlook imatha kusunga maimelo onse m'fayilo imodzi ya mtundu wa PST. Iyerekezeni ndi buku lalikulu lomwe lili ndi mndandanda wosonyeza tsamba la kalata iliyonse. Imelo ikafika, kompyuta imalemba kalatayo, n'kukonzanso mndandandawo. Ntchitoyi ikadukizidwa pakati, mndandanda umaloza tsamba lomwe kulibe. Basi, buku lasokonekera. Scanpst imayesetsa kulumikiza zotsalazo, koma kalata yomwe yaonongekeratu imatha kutayika. Ndiye kukonza kulikonse kuli ndi mtengo wake.

Tinakhala pansi ndi katswiri uja n'kuchita zomwe mumachita mu labu. Poyesa pendulamu, simusintha kutalika kwa chingwe ndi kulemera kwa mpira nthawi imodzi, eti? Ifenso tinatenga chinthu chimodzichimodzi. Choyamba, kukula kwa fayilo. Outlook yakale, mpaka ya 2002, inkalekezera pa 2GB, pomwe kuyambira ya 2010 malire ake ndi 50GB. Yathu inali kutali ndi malirewo. Chachiwiri, disiki: tinaiyeza, inalibe vuto. Chachitatu, tinalemba masiku omwe fayilo inaonongeka. Onse atatu anali masiku omwe magetsi anathima nthawi ya ntchito.

Apa mpamene panagona nkhani. Fayilo ija sinali mu laputopu ya mlembi ayi. Inali pa kompyuta ina m'chipinda china, ndipo Outlook inkaifikira kudzera pa netiweki. Magetsi akathima, laputopu imapitiriza ndi batire, koma switch, kabokosi komwe kamalumikiza mawaya a makompyuta onse, imazima pompo. Njira yaduka kalata ili pakati polembedwa. Pajatu ngakhale a Microsoft eni ake amanena kuti fayilo ya PST siyoti izigwiritsidwa ntchito kudzera pa netiweki.

Ena anatsutsa: tinaiika uko dala, kuti laputopu ikabedwa makalata asapite nayo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndithu. Koma yankho lake ndi kusunga kope, osati kugwirira ntchito patali. Tinabweza fayilo mu laputopu, ndipo madzulo aliwonse mlembi amayamba watseka Outlook, kenaka n'kukopera fayiloyo ku kompyuta inayo. Mpaka lero sinavutenso.

Inu anyamata ndi atsikana, mawa lino ena mwa inu mudzakhala m'maofesi otere. Foni kapena kompyuta ikakuvutani kachiwiri ndi vuto lomwelo, tengani kope ndi cholembera. Lembani tsiku, nthawi ndi zomwe zimachitika. Sinthani chinthu chimodzi, muone. Fizikisi simathera pa mayeso a MSCE.