Masimu awiri m'foni imodzi si ufulu, ndi msonkho

Funso lakuti pakati pa Airtel ndi TNM wabwino ndani ndi la anthu a m'tauni. Ku Blantyre kapena ku Lilongwe munthu angathe kukhala pansi, kuyerekeza mitengo ya mabandulo, kuona kumene intaneti ikuthamanga, n'kusankha. Ku Namwera sitifunsa choncho. Timafunsa kuti, "Pano ikugwira ndi iti?" Ndipo yankho limasintha ukangochoka pamsika n'kulowera njira ya kwa Katuli, limasinthanso ukatsikira kukhwawa, limasinthanso magetsi akazima. N'chifukwa chake foni za itel ndi Tecno zolowa masimu awiri zili m'thumba la wogulitsa tomato, la mphunzitsi, la shehe ndi la mnyamata wa kabaza. Mwini nambala ya 099 ndi yemweyo mwini nambala ya 088.

A malonda amati kumeneko n'kukhala ndi ufulu wosankha. Ine ndikuti ndi msonkho umene wosauka amalipira chifukwa palibe kampani imene yamupatsa netiweki yathunthu. Amagula mayunitsi kawiri. Amagawa kandalama kake pakati pa Airtel Money ndi Mpamba. Amaloweza *211# ndi *444#, osati chifukwa chokonda manambala, koma chifukwa sadziwa kuti tsiku la vuto idzayankhe ndi iti.

Makampani awiriwa si ana. TNM inayamba mu 1995. Mnzakeyu anabwera mu 1999 ndi dzina la Celtel, anasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. TNM inatsegula 4G mu 2016, Airtel mu 2018, ndipo mu 2023 TNM inayamba kuyesa 5G m'mizinda. Onse ali pa msika wa masheya, TNM kuyambira 2008, Airtel kuyambira 2020. Zaka zonsezi n'zokwanira kuti munthu wa m'dera la mfumu Jalasi asamakwerenso chulu pofuna kumva mawu a mwana wake. Koma chulu cha netiweki chikadalipo m'midzi yambiri, ndipo aliyense wa m'mudzimo amachidziwa ngati mmene amadziwira pamene pali mjigo.

Tisanamizane, pa Namwera penipeni zinthu zimayenda. Chimodzimodzi ku Mangochi boma, ndi m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay kumene kuli malo ogona alendo. Ku boma ndi kunyanjako n'kwachidikha, anthu ndi othithikana, ndipo mafunde a netiweki amadutsa pamwamba pa nyanja popanda chowatchinga. Vuto limayamba ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera mapiri a Chowe. Phiri silisankha kampani. Nsanja ikakhala tsidya lina la phiri, mudzi wa kuseri kwake umatola nyenyeswa, ngakhale pa mapu a kampani dera lonselo lapakidwa utoto umodzi wosonyeza kuti netiweki ilipo. Mapu oterewa nthawi zambiri amajambulidwa ndi kompyuta powerengera kutalika kwa nsanja ndi mphamvu yake. Sanalowe m'nyumba ya malata ya munthu wa ku Majuni kukayesa ngati chithunzi cha chiphaso chingatumizike.

Apa m'pamene ambiri timanyengeka. Timaona timizere tinayi pa foni n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Timizereto timangonena kuti foni ndi nsanja zikumvana. Sitinena kuti nsanjayo ili ndi anthu angati pamsana, kapena kuti njira yochoka pa nsanjayo kupita ku likulu ndi yotakata bwanji. Tsiku la msika, anthu akachuluka, timizere timakhala tokwana koma voisi ya pa WhatsApp imangozungulira. Choyenera kuyang'ana ndi kachilembo kali pambalipo. Kakalemba 4G, zinthu zingatheke. Kakalemba H kapena H+, pirirani. Kakalemba E, bandulo yanu ndi ndalama imene mwasunga m'nyumba yokiyidwa, kiyi ali ndi wina, ndipo masiku ake akutha.

Pamenepa ndiye pagona mkwiyo wanga. Mtengo wa bandulo ndi umodzi dziko lonse. Wa ku Area 47 ndi wa ku Masuku amalipira mofanana. Koma wina amaonera mpira pa foni, pamene mnzake bandulo ya sabata imamuthera masiku asanaigwiritse ntchito ndi theka lomwe, osati chifukwa sanafune, koma chifukwa netiweki inamukana. Vendala akamagula nandolo ndi sikelo yobera, timakuwa, ndipo a Malawi Bureau of Standards ali ndi ntchito yoyesa masikelo ndi kulanda onama. Nanga sikelo imene amatiyezera intaneti amaiyesa ndani? Munthu analipira gigabayiti yonse, analandira kachigawo, chotsalacho chapita ndi tsiku. Palibe wobweza, palibe wopepesa.

Makampani ali ndi yankho lawo, ndipo sindilitaya lonse. Zipangizo za nsanja amazigula ndi madola, pamene ife timawalipira ndi kwacha imene inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo nsanja zinakhala zikudalira majenereta pa nthawi imene dizilo naye ankasowa. Akuba amathyola mipanda n'kutenga mabatire ndi mafuta. Amene amagula mabatire otere kuti aziwalitsira golosale adziwe kuti akuzimitsa mudzi wawo womwe. Boma nalo silinachite manyazi: mu 2015 linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi ma SMS, pamwamba pa VAT. Zonsezi n'zoona. Koma mavuto amenewa akadakhala chifukwa chokwanira, akanaoneka ponseponse mofanana. Chimene timaona n'chakuti ndalama ya 5G mumzinda imapezeka, pamene ya sola ndi mabatire odalirika pa nsanja ya kumudzi imadikira chaka chamawa.

Ndipo musatiuze kuti kumudzi kulibe malonda. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Kuno n'kovuta kupeza banja lopanda mwana, mwamuna kapena mlongo ku Joni. Anthu amenewa amaimba, amatumiza mavoisi m'Chiyao, amafuna kuona pa vidiyo nyumba imene akumangitsa ngati yafika pa lintala, amatumiza ndalama kudzera ku Mukuru ndi njira zina zimene zimathera pa foni kapena pa kauntala ya ejenti. Mayi amene amayenda mtunda kukatapa ndalama ya feteleza, n'kumva ejenti akuti "netiweki yavuta, bwerani mawa", wataya tsiku la kumunda ndi ndalama ya kabaza. Ameneyu ndi kasitomala weniweni, wa mwezi ndi mwezi, kuposa mlendo amene amagona masiku awiri ku Cape Maclear n'kubwerera kwawo.

Boma lenilenilo ndi limene latikankhira pa netiweki. Pamene ndondomeko ya AIP inayamba mu 2020, kuti mlimi agule feteleza wotsika mtengo ankayenera kuti chiphaso chake cha unzika chiwerengedwe ndi makina odalira netiweki, ndipo tonse tikukumbukira alimi akugona pa madepoti chifukwa makinawo akana. Ndalama za Mtukula Pakhomo m'madera ambiri zikudzera pa foni. Boma silingapange netiweki kukhala khomo lolowera ku chithandizo chake, kenako n'kumayankhula za netiweki ngati nkhani ya pakati pa kampani ndi kasitomala basi.

Tsopano yang'anani kummawa. Kuchoka pa Namwera kufika pa chipata cha Chiponde si patali, ndipo kuseri kwake kuli Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Anthu a m'malire amadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, foni imatha kudumpha yokha n'kugwira nsanja ya tsidya lija iwe uli m'munda mwako, ndipo ukapanda kuchenjera mayunitsi amadyedwa pa mtengo wa mlendo. Chachiwiri, pali malo amene simu ya ku Mozambique imagwira bwino kuposa ya kwathu, mpaka ena amasunga simu yachitatu. Movitel, kampani imene inayamba mu 2012 mothandizana ndi Viettel ya ku Vietnam, inalowa msika umene unali kale ndi mcel ndi Vodacom, ndipo inasankha kuyambira kumidzi kumene anzakewo ankakuona ngati kotayitsa ndalama. Inapeza makasitomala mamiliyoni. Niassa ndi dera lalikulu, la anthu otalikirana kuposa Mangochi. Ngati kumeneko zinatheka, nkhani yakuti kumudzi kulibe phindu ndi ya munthu amene alibe womuthamangitsa.

Womuthamangitsayo ndiye tilibe. Takhala tikumva za kampani yachitatu kuyambira kalekale. G-Mobile inapatsidwa chiphaso, Celcom inapatsidwa chiphaso, koma palibe amene anaimbapo foni pa netiweki zawo. Starlink inafika mu 2023, ndipo ingathandize sukulu, chipatala kapena esiteti ya fodya, koma mbale yake si ya mayi wogulitsa zitumbuwa. Ndiye tatsala ndi awiri, amene amapikisana kwambiri pa zikwangwani, pa mayina okoma a mabandulo ndi pa mipikisano yopatsa mphoto, koma sapikisana mokwanira pa funso la mudzi umene uli kuseri kwa phiri. Ngakhale utakwiya n'kufuna kusamuka, nambala yako susamuka nayo, ndipo nambalayo ndi imene mwana wako ku Johannesburg anailoweza. Umangowonjeza simu ina. Kampani imene yakukhumudwitsa siikutaya, ndipo pa malipoti ake ukuwerengedwabe ngati kasitomala wokhutira.

Mlandu waukulu ndikuuika pa khomo la MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni. Bungweli lilipo kuyambira 1998, ndipo lamulo la 2016 linalipatsa thumba la Universal Service Fund, lomwe ntchito yake n'kufikitsa mauthenga kumene makampani safuna kupita okha. Mu 2018 MACRA inalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, ndipo anthu a kuno anaima pa mizere n'kumvera, poopa kudulidwa. Mphamvu yolamula anthu mamiliyoni ilipo. Tikufuna tione mphamvu yomweyo polamula makampani awiri okha.

Chimene ndikupempha si chozizwitsa. MACRA ibwere ndi makina ake, iyende msewu wa Namwera mpaka kwa Katuli, wa Chiponde, wa Malindi mpaka Makanjira, iyese netiweki zonse ziwiri masana ndi usiku, tsiku la msika ndi tsiku lozima magetsi, kenako ilengeze zotsatira dera ndi dera, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pa wailesi za m'madera. Chiwerengero cha dziko lonse chimabisa Namwera m'mimba mwa Blantyre. Munthu akadziwa kuti kwa mfumu yakutiyakuti kampani iyi imadula mafoni kuposa inayo, adzasankha ndi maso, ndipo kampani yotsalirayo idzachita manyazi pagulu.

Za nsanja, njira inatseguka kale. Mu 2022 Airtel inagulitsa nsanja zake zoposa 700 ku kampani ya Helios Towers, imene malonda ake n'kubwereketsa nsanja imodzi kwa makampani angapo. Palibenso chifukwa chomveka choti mudzi ukhale ndi nsanja yonyamula kampani imodzi pamene inayo kulibe. Ndipo kumene kuli netiweki imodzi yokha, lamulo likakamize kuti simu ya kampani inayo izigwira pa netiweki yomweyo pa mtengo wa masiku onse. Makampaniwo akawerengerane okha kumapeto kwa mwezi. Foni zathu zimatha kale kudumphira pa nsanja ya ku Mandimba. Zilephera bwanji kudumphira pa nsanja ya kwathu konkuno?

Pomaliza pa bandulo: nsanja ikazima tsiku lathunthu, makompyuta a kampani amadziwa, ndipo amadziwanso manambala amene amadalira nsanjayo. Tsiku limenelo libwezedwe pa bandulo popanda munthu kupempha. Pamene anthu anakuwa za mitengo ya intaneti mu 2020, makampani anatsitsa mitengo ina m'masabata ochepa, kusonyeza kuti akafinyidwa amamva.

Aphungu a kuno kummawa kwa Mangochi, makhansala ndi mafumu athu, nkhaniyi ndi yanu monga mmene ilili ya mlatho ndi ya mjigo. Funsani m'Nyumba ya Malamulo kuti ndalama za Universal Service Fund zamanga nsanja zingati m'boma lino, ndipo zili pati. Inunso a komiti za chitukuko m'midzi, lembani mayina a midzi imene anthu amakwerabe chulu, mupereke kwa DC ndi ku MACRA, ndipo musunge kope la kalatayo kuti chaka chamawa mudzawafunse.