Ikafera pa Chitunda, Galimotoyo ndi Yayani?



Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, ena mwa ife kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi timatsikira ku Lilongwe kukaona galimoto. Wogulitsa amatilozera Prado kapena Mercedes-Benz n'kunena kuti tiitenge lero, tizilipira mwezi ndi mwezi ngati lendi. Ife amene timatha theka la tsiku pa msika wa Mponela tikunenerera mbuzi imodzi, pamenepa timafunsa funso limodzi lokha: "Pamwezi ndi zingati?" Akatsitsako pang'ono timasayina, n'kubwera kudzanena pakhonde la mzikiti kuti tanenerera. Sitinanenerere kanthu. Kutsitsa ya pamwezi n'kosavuta: amangowonjezera miyezi, ndipo ndalama yonse imakwera.

Tikulemba izi chifukwa bambo wina, kholo la mwana wa pamadrasa pathu, anatibweretsera mapepala ake galimoto atalandidwa kale. Analipira kwa chaka chathunthu, n'kuphonya Januwale ndi Febuluwale. Zonse zimene zinamuchitikira zinali zolembedwa pa tsamba limene sanawerenge. Safunsa anadya phula.

M'masiku oyambirira a Taraweh tinamva Surah Al-Baqarah. Ndime ya 282, yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ikukamba za kulemba ngongole, nthawi yobwezera ndi mboni. Tinaima kumbuyo kwa imamu mpaka inatha. Nanga bwanji tikafika pa desiki ya wogulitsa timasayina ngati tikuthawa mvula?

Kunenerera kwenikweni kumayamba ndi ndalama yonse. Auzeni alembe nambala imodzi yophatikiza dipoziti, miyezi yonse, inshuwalansi ndi ndalama yomaliza yoti galimoto ikhale yanu. Akakana kulemba, mwamva kale yankho.

Kenako funsani ngati mtengowo uli mu kwacha kapena wamangiriridwa ku dola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalipira madola 500 pamwezi anagona akulipira K590,000, anadzuka akulipira K850,000, galimoto ili yomweyo.

Funso lachitatu ndilo limasiyanitsa lendi ndi katapila: mwini wake ndani? Ijara, lendi yovomerezeka m'Chisilamu, imati wobwereketsa ndiye mwini, choncho zowonongeka zikuluzikulu ndi zake, pamene wobwereka amasamala zatsiku ndi tsiku monga mafuta ndi oyilo. Galimoto ikawonongekeratu popanda kusasamala kwanu, lendi imaima. Koma mapepala ambiri amati blue book ikhale m'dzina lawo, injini ikafa vuto n'lanu, ndipo muzilipirabe. Umenewo si umwini, si lendinso. Ndi ngongole ya chiwongoladzanja yovala mkanjo. Ndipo musaiwale kumene galimotoyo ikakhale. Siikayenda pa M1 pokha ayi. Ikakwera misewu yafumbi ya kumapiri a Ntchisi nthawi ya dzinja, ndipo sipeya wake mukamufuna ku Lilongwe, mwinanso kunja kwa dziko. Ngati akuikirani malire a makilomita pa chaka, werengerani maulendo a kumaliro ndi kuchipatala musanavomere.

Chachinayi, mukachedwa kulipira chichitike n'chiyani? Ndalama yathu imabwera kamodzi pa chaka, tikagulitsa fodya, soya ndi mtedza. Mgwirizano wofuna ndalama yofanana mu Julayi ndi mu Febuluwale unalembedwera munthu wa malipiro a pamwezi, osati mlimi. Nenererani kuti zolipira zazikulu zigwere nyengo yokolola. Alembe masiku amene akupatsani asanabwere kudzalanda, komanso zimene mudzabwezeredwe pa ndalama imene mwalipira kale. Chindapusa chimene chimakulitsa ngongole kuti wobwereketsa apindule ndi riba, kaya achitcha dzina lanji.

Ena ati, "Kodi Chisilamu chimaletsa galimoto yabwino?" Sichiletsa. Amene Allah wamudalitsa akwere ndipo athokoze. Chimene tikukana ndi kugula ulemu wa pa Eid ndi fizi ya ana ndi feteleza wa chaka chamawa. Ena ati makampani savomera kusintha mapepala awo. Ngati zili choncho, dzukani muzipita. Munthu amene sangathe kuchoka alibe chonenerera, ndipo wogulitsa amaona m'maso mwathu kuti tayamba kale kuiyendetsa mumtima.

Tengani mapepalawo mupite nawo kunyumba. Awerenge mwana wanu wa ku sekondale, amve mayi a m'nyumba amene adzasowe ndiwo limodzi nanu, aonenso Sheikh wodziwa malamulo a malonda. Mwezi uno tikuuza mimba kuti idikire mpaka Maghrib, ndipo ikumvera. Dzanja logwira cholembera lingathenso kudikira sabata imodzi.

Allah alandire swaumu yathu ndipo atitalikitse ku ngongole yolemetsa. Ameen.