Yankho la mkonzi: Kupinimbira kwa ana si kwa ku mtundu

Pali mawu amene afala m'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Bauleni, Mtendere ndi Kalingalinga mpaka ku Kanyama ndi Matero. Mayi akabwera kuchokera kusikelo atauzidwa kuti mwana wake ndi wamfupi kwambiri poyerekeza ndi miyezi yake, apongozi kapena aneba amamutonthoza kuti, "Musadandaule amake mwana, n'za ku mtundu izi. Ambuye ake analinso choncho." Ena amatsendera ndi mwambi woti make mbuu, mwana mbuu. Masiku ano ophunzira awonjezapo mawu a sayansi, ndipo pa WhatsApp ndi pa Facebook mumawerenga kuti zonse zinalembedwa kale mu DNA, kotero chakudya sichingasinthe kanthu. Onena mawuwa sakhala ndi mtima woipa, amangofuna kuchotsa nkhawa mwa mayi wotopa. Koma mawuwa ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kumagwera mwana amene sangadziyankhulire. Mayi akakhulupirira kuti vutolo ndi la m'magazi, amapinda khadi ya sikelo n'kuiika pansi pa sutikesi, ndipo miyezi imene thupi la mwana likanathandizika imadutsa osabwereranso.

Tiyambe ndi ziwerengero za dziko lathu. Kafukufuku wa boma wa Zambia Demographic and Health Survey anapeza kuti mu 2007 ana 45 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Mu 2013 ndi 2014 anali 40, mu 2018 anali 35, ndipo mu 2024 anatsikira pa 32. Mtundu wa anthu susintha m'zaka 17. Achewa, Ansenga, Abemba ndi Atonga a 2024 ndi ana ndi adzukulu a anthu omwewo a 2007. Chimene chinasintha ndi kadyedwe, kayamwitsidwe, katemera ndi chithandizo cha malungo. Ku South Korea akazi obadwa mu 1996 ndi aatali ndi masentimita pafupifupi 20 kuposa obadwa mu 1896, m'mabanja omwewo. Ndipo mzere umene anesi a ku kiliniki ya Bauleni amayezera ana sunatengedwe kwa azungu okha monga ena amanenera. Pakati pa 1997 ndi 2003 bungwe la WHO linayeza ana pafupifupi 8,500 a ku Ghana, India, Oman, Brazil, Norway ndi United States, onse oyamwitsidwa ndi okulira m'makomo osasowa, ndipo linapeza kuti mpaka zaka zisanu amakula mofanana kwambiri. Mwana wa ku Accra wodya bwino sasiyana kwenikweni ndi mnzake wa ku Oslo.

Nanga chakudya chimafika bwanji pa zimene mwana anatengera kwa makolo? M'kati mwa selo iliyonse ya thupi muli DNA, ndipo tizigawo take totchedwa majini ndi timene tili ndi malangizo a kapangidwe ka thupi. Malangizowa sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Zili ngati buku la nyimbo la kutchalitchi: aliyense wanyamula buku lomwelo, koma nyimbo imene imveke ndi imene wotsogolera wasankha, ndipo zina zimangokhala m'buku osaimbidwa. Thupi limaika tizizindikiro totchedwa methyl pa DNA kuti jini ina igwire ntchito mwamphamvu, ina ikhale chete, ndipo zopangira tizizindikiroti zimachokera m'mbale: folate wa m'masamba obiriwira ndi nyemba, vitamini B12 wa mu nsomba, nyama ndi mkaka, choline wa m'mazira. Mu 2003 Robert Waterland ndi Randy Jirtle a ku Duke University anaonetsa zimenezi pa mbewa za chibadwa chofanana. Zazikazi zimene zinapatsidwa zakudya zowonjezeredwa michere imeneyi zinabereka ana ambiri a ubweya woderapo, pamene zinzake zinabereka ambiri achikasu, omwe amakonda kunenepa ndi kudwala shuga. Jini inali yomweyo, koma chakudya cha make chinasintha kagwiridwe kake ka ntchito.

Wina anganene kuti munthu si mbewa, ndipo akunena zoona. Koma umboni ulipo ndi pa anthu. Kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, kumadzulo kwa Netherlands kunagwa njala yoopsa. Ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo atakula anapezeka ndi shuga, kunenepa ndi matenda a mtima mochuluka kuposa anzawo. Mu 2008, patapita zaka zoposa 60, ofufuza anapeza kuti amene mimba yawo inayamba m'kati mwa njalayo anali ndi methyl wochepa pa jini yoyendetsa kakulidwe yotchedwa IGF2 poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Ku Gambia, m'midzi yozungulira Keneba, kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anaonetsa kuti ana amene mimba yawo inatengedwa m'dzinja, nkhokwe zitapungula, anali ndi tizizindikiro tosiyana ndi ta ana a mimba za m'chilimwe, ndipo kusiyanako kunatsatira michere imene inali m'magazi a amayi awo. Ifenso njala timaidziwa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, ndipo amayi apakati ambiri a m'makomboni anadutsa chaka chimenecho ndi kapamela kamodzi patsiku. Ana awo ndi amene ali pa sikelo lero. Mmera mpoyamba, anatero akuluakulu.

Otsutsa ali ndi funso lolemera, ndipo tiliyankhe mosazemba: bwanji ana awiri odya m'mbale imodzi, wina amakula bwino wina ayi? Kodi si mtundu umenewo? N'zoona kuti msinkhu uli ndi mbali yaikulu yotengera. Kumene aliyense amakhuta, kusiyana kwambiri pakati pa anthu kumachokera kwa makolo. N'zoonanso kuti alipo matenda otengera enieni, monga siko selo, amene phala silingachotse. Koma majini amangoika malire a pamene mwana angafike, ndipo mwana wopinimbira ndi amene walephera kufika pa malire ake omwe. Ku Malawi ofufuza anatsatira mapasa 317 awiriawiri mpaka zaka zitatu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Mwa mapasa 43 pa 100, mmodzi anadwala kunyentchera mnzake ali bwino, ndipo izi zinachitika ngakhale kwa mapasa ofanana DNA yonse. Kusiyana kwina kunapezeka m'tizilombo ta m'matumbo mwawo. Kuno ku Lusaka madokotala Beatrice Amadi ndi Paul Kelly akhala zaka zambiri akuyeza matumbo a ana opinimbira ochokera m'makomboni monga Misisi, ndipo apeza kuti khoma la matumbo awo ndi lowonongeka chifukwa chomeza tizilombo tsiku ndi tsiku, moti ngakhale majini a m'khomalo amagwira ntchito mosiyana. Mwana wotere amadya, koma thupi silitenga zonse. Mbale ikhoza kukhala imodzi, koma amene anatsegula m'mimba kawirikawiri ndi amene amatsalira.

Ena amati kufupika si matenda, bola mwana akusewera. Zikanakhala za msinkhu wokha sitikanalemba nkhaniyi, pakuti munthu wamfupi wathanzi alibe chosowa. Vuto n'lakuti njala imene imaletsa mafupa kutalika ndi yomweyo imene imasowetsa ubongo zomangira, ndipo ubongo umakula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pa kutenga mimba kufika zaka ziwiri. Ku Guatemala, pakati pa 1969 ndi 1977, ana a m'midzi ina ankapatsidwa chakumwa chonga phala chokhala ndi zomanga thupi. Atakula, amuna amene anachilandira asanakwane zaka ziwiri ankapeza malipiro okwera ndi 46 peresenti kuposa anzawo. Komanso thupi lozolowera kusowa likadzakumana ndi mabanzi, zakumwa za shuga ndi zokazinga za pakantemba, limagwidwa msanga ndi shuga ndi BP. Mtsikana wopinimbira akadzakula amakhala pa chiopsezo chovutika pobereka ndi kubereka mwana wochepa sikelo. Apa m'pamene anthu amasokonezeka: ambuye aafupi, mayi wamfupi, mwana wamfupi. Chimene chayenda m'banjamo mibadwo itatu kawirikawiri ndi umphawi ndi mbale yomweyo ya nsima yaikulu ndi ndiwo zongolawa.

Kutsutsa kwamphamvu koposa ndi kwa thumba. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection linawerengera kuti mu 2024 zofunika za banja la anthu asanu mu Lusaka zinapitirira K10,000 pamwezi, ndalama imene wantchito wa m'nyumba, mlonda kapena wophwanya miyala wa ku Bauleni saiona. Choncho kuloza chala mayi ndi nkhanza. Komabe kafukufuku wa 2018 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi yekha mwa ana 8 a miyezi 6 mpaka 23 ndi amene ankadya mokwanira ndi mosiyanasiyana, ndipo si zonse zimene zimafuna ndalama zambiri. Supuni ya nshawa zosinja kapena kapenta wosinja m'phala, nyemba zofinya, soya, chibwabwa, bondwe ndi kalembula zili pamsika womwewo pamene pagulidwa majigisi. Mwambo woti ndiwo zabwino zidikire bambo, ndi woletsa mayi wapakati kudya mazira, sudya ndalama kuusiya. Tichenjerenso ndi bodza la mbali inayo, la ogulitsa timabotolo todula amene amati mankhwala awo amakonza majini. Palibe chakudya chimodzi chochita zozizwitsa. Dzira limodzi patsiku linachepetsa kwambiri kupinimbira ku Ecuador, koma ku Mangochi ku Malawi, kumene ana ambiri amadya kale nsomba, silinasinthe msinkhu. Chothandiza ndi kudzaza chimene chikusowa m'mbale, ndi kuyamba sikelo ya mimba msanga, chifukwa njira ya msana ndi ubongo wa mwana imatsekeka m'masiku 28 oyamba a mimba, ndipo mapiritsi a folic acid amateteza bwino akamwedwa mimba isanayambe ndi m'masabata oyambirira.

Bodza la "n'za ku mtundu" lili ndi vuto linanso: limamasula akuluakulu pa udindo wawo. Ngati ana a m'komboni anabadwa kuti akhale aafupi, palibe amene angafunse za mapaipi ouma, zimbudzi zosefukira m'dzinja ndi kolera imene inadzaza odwala mu Heroes Stadium kumayambiriro kwa 2024. Koma boma likafuna limatha: kuyambira 1998 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, ndipo mchere uli ndi ayodini. Tikupempha National Food and Nutrition Commission, khonsolo ya Lusaka ndi kampani ya madzi kuti aziona madzi oyera ndi zimbudzi zabwino ngati mbali ya chakudya cha mwana. Tikupempha mipingo ndi alangizi kuti asiye kuphunzitsa zoletsa zimene zimamana mayi wapakati. Inu abambo, perekezani amayi kusikelo ndipo muyang'ane khadi ndi maso anu. Ndipo inu apongozi ndi aneba, mayi akakuuzani kuti anesi adandaula ndi kakulidwe ka mwana, musamutonthoze ndi nkhani ya ambuye ake. Muuzeni abwerere kukiliniki, ndipo ngati muli ndi nshawa m'nyumba, mugawireni.