Mtima Ukaima, Mzuzu Ndi Kutali

Wodwala wa ku Karonga akafuna chithandizo choposa chimene chipatala cha boma lake chingampatse, amtengera ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 200 wokwera chitunda cha Chiweta. Ulendo wotere utha maola. Koma munthu amene mtima wake waima, kapena amene waleka kupuma, alibe maola, pakuti bongo wosalandira mwazi uyamba kuonongeka pakapita mphindi 4 kufikira 6. Tsono moyo wake uli m'manja mwa iye amene ali pafupi, ndipo ku Kaporo, ku Chilumba, ku Nyungwe ndi m'zipatala zina za m'midzi, amene ali pafupi usana ndi usiku kawirikawiri ndiye namwino. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Karonga adziwa bwino ngozi zodza mosayembekezeka. Mwera ugubuduza mabwato a asodzi panyanja. Mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe isefukira m'dzinja. Magalimoto olemera athamanga pa msewu wa M1 kunka ku malire a Tanzania. Mu December 2009 zivomezi zinagwetsa nyumba zambiri, kupha ndi kuvulaza anthu. Kuposa zonsezi, m'chipinda cha azamba nthawi iriyonse mukhoza kubadwa mwana wosalira.

Luso lofunika pa nthawi yotere silifuna makina a mtengo wapatali. Linadziwika ku dziko lonse mu 1960, pamene akatswiri a chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anaonetsa kuti kupsinja chifuwa ndi manja kukhoza kuyendetsa mwazi mtima utaima. Munthu wamkulu amgoneka chagada pamalo olimba. Wothandiza apsinja pakati pa chifuwa kuti chilowe masentimita 5 kapena 6, mwa liwiro la ka 100 kufikira ka 120 pa mphindi imodzi, ndipo akapsinja ka 30 ampatsa mpweya kawiri. Womira m'madzi asowa mpweya poyamba. Khanda losapuma liyenera kuumitsidwa, kusisitidwa kumsana, ndi kupopedwa mpweya mphindi yoyamba isanathe. Kunena kwake nkosavuta, koma dzanja losazolowera linjenjemera pamene abale ali kulira pakhomo.

Dziko la Malawi lili ndi mbiri yonyaditsa pa nkhani imeneyi. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Professor Elizabeth Molyneux ndi anzake anaphunzitsa anamwino kuzindikira msanga mwana wodwala kwambiri pa mzere ndi kumthandiza pomwepo, ndipo imfa za ana zinachepa. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse linaifalitsa mu 2005. Boma linalandiranso maphunziro a Helping Babies Breathe, oyamba mu 2010, ophunzitsa azamba kutsitsimutsa makanda. Unduna wa Zaumoyo uyenera kuyamikidwa pa zimenezi.

Koma kuphunzira kamodzi sikukwanira. Ofufuza m'maiko ambiri apeza kuti luso la kutsitsimutsa munthu liyamba kuzilala chaka chisanathe ngati mwini wake saliyeseza. Namwino amene anakhoza bwino mayeso ku Ekwendeni kapena ku St John's ku Mzuzu, ngati wakhala zaka zitatu osapsinja chifuwa ngakhale cha chidole chophunzirira, asanyozedwe akazengereza. Khasu labwino lichita dzimbiri likakhala pakhonde.

Chifukwa chake pali zinthu zitatu zoyenera kuchitika. Choyamba, maphunziro obwereza achitikire m'zipatala momwemo, mwachidule ndi kawirikawiri, kuti namwino wa kutali asadikire kuitanidwa ku msonkhano wa m'tauni, ndi kusiya odwala opanda wowaona. Chachiwiri, bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lokhazikitsidwa mu 1966, limene lilamula kuti namwino aonjezere maphunziro asanakonzenso chiphaso chake, liike luso la kutsitsimutsa munthu patsogolo, ndipo liyesedwe ndi manja, osati ndi cholembera chokha. Chachitatu, chipangizo chopopera mpweya, cha akulu ndi cha makanda, chikhale pamalo odziwika ndi onse, choyera ndi chogwira ntchito. Chipangizo chotsekeredwa m'kabati, mfungulo ili kunyumba kwa wina, chili ngati palibe.

Mafumu, makomiti a zipatala ndi akuluakulu a khonsolo ya Karonga ali ndi gawo lao: afunse za zinthu zimenezi pa misonkhano yao monga afunsira za mankhwala ndi za ambulansi. Galimoto itenga wodwala amene ali kupuma. Kumfikitsa pamenepo ndi ntchito ya namwino, ndipo dziko liyenera kumkonzekeretsa tsikulo lisanafike.