TINJERWA TA ANA NATO TIFUNA NKHOKWE

Za Pakhomo ndi Pasukulu, ndi Mtolankhani Wathu ku Chadiza

Palibe mlimi wanzeru m'boma lino la Chadiza amene amathira nyemba, nshawa ndi khobwe m'thumba limodzi, nanena kuti adzasankha pa nthawi yobzala. Mbeu iriyonse iri ndi malo ace, ndipo mwini wace amadziwa kucuruka kwa imene yatsala. Koma tikafika pa zoseweretsa za ana, nzeru yomweyi timaisiya. Sabata ino tikambirane za tinjerwa timene ana amamangira tinyumba, timilatho ndi timagalimoto, ndi za kasungidwe kace.

Ena a inu mudzati nkhani yotere ndi yacibwana, yosayenera kulowa m'nyuzi. Taganizani kaye. Kuyambira ca m'ma 2013 Boma linayamba kutsegula makalasi a ana aang'ono pa masukulu a pulaimale, ndipo m'caka ca 2022 maphunziro anakhala aulere kuyambira makalasi amenewa kufikira Giredi 12. Mwana wa zaka 4 kapena 5 sangaphunzire masamu pongoyang'ana pa bolodi. Iye amaphunzira ndi manja: agwire, aunjike, agwetse, awerenge. Tinjerwa ndito buku lace loyamba. Cisoni ndi cakuti buku limeneli limathothoka masamba tsiku ndi tsiku popanda woona. Lero kamodzi kagwera m'ngalande, mawa kena kasesedwa pamodzi ndi zinyalala, mkuja kena kapita m'thumba la kabudula. Pomatha temu, tinjerwa timene tinadzaza dengu sitikwana n'kumanga khola la nkhunda lomwe, pamene panalibe mbala imene inalowa.

TINJERWA TA MITUNDU ITATU

M'midzi ya mafumu athu a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume, ana anayamba kale kumanga. Amatenga dothi la pa culu, naliponda, nagwiritsa nchito bokosi la macisa ngati cikombole. Timeneti ndito tinjerwa ta mtundu woyamba. Mtundu waciwiri ndi tizidutswa ta matabwa totsala kwa akalipentala. Mtundu wacitatu ndi tinjerwa tapulasitiki tolumana, timene timafika kuno ndi abale ocokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg, ndi m'matumba a zidole za salaula, kapenanso monga mphatso ku sukulu.

Tapulasitiki timeneti tiri ndi mbiri yace. Kalipentala wina wa ku Billund m'dziko la Denmark, dzina lace Ole Kirk Christiansen, anayamba kupanga zidole za matabwa m'caka ca 1932 pamene nchito ya ukalipentala inasowa. M'caka ca 1934 anacha kampani yace dzina lakuti LEGO, kucokera ku mau awiri a cinenero ca kwao otanthauza kusewera bwino. Tinjerwa tapulasitiki anayamba kupanga mu 1949, koma sitinali kugwirana zolimba kufikira mu 1958, pamene anaika timapaipi kunsi kwa kanjerwa kuti tizikanikiza timitu ta kanjerwa kanzace. Muyeso umene anakhazikitsa caka cimeneco sunasinthe, kotero kuti kanjerwa ka mu 1958 kamalumana bwinobwino ndi kopangidwa lero. Mu 1969 anaturutsa tinjerwa tokulirapo tochedwa DUPLO, timene tiri kawiri m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, kuti ana aang'ono asameze.

Apa pali phunziro. Kanthu kamene kakhoza kukhala zaka zoposa 60 osaonongeka sikayenera kutha m'miyezi itatu. Kakasungidwa bwino, mwana woyamba adzasiyira mng'ono wace, ndipo mng'ono waceyo adzasiyira mdzukulu wanu.

Musadandaule kuti tinjerwa tanu ndi tocepa. Katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anawerengetsa ndi kompyuta napeza kuti tinjerwa 6 tokha ta timitu 8, ta maonekedwe amodzi, tikhoza kulumikizidwa m'njira 915,103,765. Ku South Africa bungwe la Care for Education mothandizana ndi LEGO Foundation linakonza kaphunzitsidwe kochedwa Six Bricks, kamene mwana aliyense amapatsidwa tinjerwa 6 basi ta mitundu yosiyana, naphunzira nato kuwerenga, kukumbukira ndi kumvera malangizo. Koma mukataya kamodzi mwa tisanu ndi kamodzi aka, phunziro lonse lapunduka. Ndiye cifukwa cace wosauka ndiye ayenera kuposa wolemera pa kusamala.

KASANKHULIDWE KACE

Yalani mphasa kapena citenje cakale, ndi kukhuthulira tinjerwa tonse pamenepo. Musakhuthulire pa mcenga, pakuti tating'ono timakwiririka.

Coyamba, cotsani zonse zosafunika. M'matumba a salaula mumapezeka zidole zosweka, tizitsulo takuthwa, timaginito, ndi timabatire tobulungira tonga ta mu wochi. Timabatire timeneti ndi toopsa kwambiri: mwana akameza kamodzi, kakhoza kuocha kum'mero kwace m'maola ocepa, ndipo afunika kuthamangira naye ku cipatala nthawi yomweyo. Tinjerwa tong'aluka nato ticotsedwe, cifukwa timaceka zala.

Caciwiri, patulani mtundu ndi mtundu. Tadothi pakokha, tamatabwa pakokha, tapulasitiki pakokha. Mukasakaniza, tamatabwa timaphwanya tadothi, ndipo fumbi la dothi limalowa m'timapaipi ta tapulasitiki. Dziwaninso kuti masiku ano makampani ambiri amapanga tinjerwa tofanana ndi ta LEGO. Tina timalumana nato bwino, tina ai. Yesani kamodzikamodzi, ndipo tosagwira mutiike patokha, kuti mwana asamalire poona nyumba yace ikugwa pa cifukwa cimene iye sacidziwa.

Cacitatu, patulani tatikulu ndi tating'ono. Lamulo lace ndi ili: kanthu kalikonse kokwana m'kamwa mwa mwana sikayenera kukhala pafupi ndi mwana wosakwana zaka 3. M'nyumba zathu mwana wa zaka 8 amasewera ali ndi khanda kumsana kapena pambali, conco tating'ono tikhale m'citini cokhala ndi cibvundikiro colimba, pamwamba posafikira wokwawa.

Cacinai, ndipo apa mpamene ambiri amasokera, sankhulani motsata kapangidwe, osati motsata mtundu wa maonekedwe. Diso limakopeka kuika tofiira pamodzi, tobiriwira pamodzi, toyera pamodzi, ndipo zimaoneka zokongola ndithu. Koma yesani kufunafuna kanjerwa kafupi kofiira m'dengu lodzaza tofiira tokhatokha, mudzatuluka thukuta. Pamene m'dengu la tatifupi tokhatokha ta mitundu yosiyanasiyana, kofiira kamadzionetsa kokha. Wogulitsa misomali ku Chipata amadziwa zimenezi: yaitali iri m'bokosi lace, yaifupi m'lace, cifukwa wogula amafunsa utali. Mwana womanga nayenso amafuna cakuti cikwane pa mpata umene watsala pa khoma.

Musacurutse zotengera. Pakhomo zinai kapena zisanu zikwanira: ca tinjerwa tatitali, ca tatifupi, ca taphanthiphanthi, ca mawilo, zitseko ndi mazenera, ndi ca tating'ono kwambiri. Zotengera zikacuruka mwana amatopa, nathira zonse m'cimodzi. Pa cotengera ciriconse jambulani cithunzi ca kanjerwa kokhala m'menemo, kapena mangirirani kamodzi kunja, kuti ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga azindikire.

KUTSUKA NDI KUSUNGA

Tinjerwa timapita m'manja ambiri ndi m'kamwa momwe, conco tiyenera kutsukidwa, makamaka nyengo ya mvula pamene matenda a m'mimba amacuruka. Tapulasitiki titsukidwe m'beseni ndi sopo pang'ono, m'madzi ofunda osapitirira madigiri 40, ndiko kuti madzi amene mungasambitsire khanda. Madzi owira amatipinda, ndipo kanjerwa kopindika sikalumananso. Tsukuluzani, ndi kuyanika pa licero kapena pa nsaru pamthunzi. Dzuwa la mwezi wa October limasukulutsa maonekedwe ace, ndipo pulasitiki ikakhalitsa padzuwa imafooka. Musatiike pafupi ndi mbaula kapena pa mafuwa, ndipo tosweka musatiponye pa moto wophikira, pakuti utsi wace ndi woipa.

Tamatabwa tipukutidwe ndi nsaru yonyowa pang'ono, osati kubviika m'madzi, kuopa kuti tingatupe ndi kucita nkhungu. Pempani kalipentala atipale bwino kuti pasakhale tizipatso tolasa, ndipo musalandire zidutswa za matabwa onyikidwa m'mankhwala a ciswe kapena m'oilo wakuda. Mdani wa tamatabwa ndi ciswe, conco dengu lace lisagone pansi. Lipacikeni, kapena liikeni pa thandala.

Tadothi tiumitsidwe pamthunzi pang'onopang'ono kuti tisang'aluke, monga momwe amai amacitira ndi mbiya. Ngati pamudzi pali wina amene akuocha mbiya, mpempheni aikeko tinjerwa ta ana, pakuti toocha sitisungunuka ndi madzi. Posunga yalani gaga kapena udzu wofewa pansi pa bokosi.

Pali cenjezo limodzi limene tipempha kuti mufotokozereko anansi anu amene salandira nyuzi ino. Kuno kwathu timalima thonje ndi fodya, ndipo zigubu za mankhwala opopera siziri zosowa. Cigubu cotere cisasanduke cosungira zoseweretsa, ngakhale mutacitsuka kangati. Cimodzimodzinso matumba a feteleza ndi matumba amene munali cimanga cothira mankhwala a anankafumbwe. Gwiritsani nchito madengu, zitini za zakudya zopanda m'mphepete mocekera, zigubu za mafuta ophikira zotsuka bwino, kapena timatumba tosoka ndi citenje tokhala ndi cingwe kukamwa.

WERENGANI, KOMA MUSATSEKERE

Cuma cosawerengeka sicidziwika pamene cikutha. Mukatha kusankhula, werengani m'magulu a khumikhumi, ndi kulemba nambala pa cibvundikiro. Ku sukulu nambala zimenezi zilowenso m'buku la katundu, ndipo bungwe la makolo ndi aphunzitsi lizipenya bukulo pa kutha kwa temu monga momwe limapenyera madesiki ndi mabuku. Lacisanu liri lonse ana awerenge okha. Tikapereweza, asese ndi kufunafuna tsiku lomwelo, pakuti madzi akataika saoleka.

Komabe pali kulakwa kwina kumene kumabadwa ndi mantha. Mphunzitsi wina, poopa kudzafunsidwa za tinjerwa totayika, amatitsekera m'kabati caka conse, natiturutsa pokhapokha pakabwera alendo. Mai wina, pokumbukira mtengo wace, amatibisa pansi pa bedi kufikira mwana atakula. Kumeneko si kusunga ai. Mbeu imene sibzalidwa ndi yotaika ngakhale iri m'nkhokwe. Makolo ndi akulu a sukulu asakalipire mphunzitsi pa kanjerwa kamodzi kosoweka pamene ana 40 aphunzira kuwerenga. Cofunika ndi mwambo wobweza, osati loko.

Mwambo umenewu ndi wakale. Friedrich Fröbel wa ku Germany, amene m'caka ca 1840 anacha sukulu yace ya ana aang'ono dzina lakuti Kindergarten, kutanthauza munda wa ana, anali kupatsa ana kabokosi kokhala ndi timatabwa 8 tofanana. Akatha kumanga, anali kusanja timatabwa tonse monga momwe tinaliri ndi kutibwezera m'kabokosi. Kwa iye kulongedza kunali mbali ya phunziro, cifukwa mwana anali kuona yekha ngati kamodzi kapereŵera.

Tiyeni nafe titengepo nzeru. Inu amai ndi abambo, musamatolere ana zoseweretsa zao usiku iwo atagona. Siyani mphindi 10 dzuwa lisanalowe, kukali kowala, kuti atole okha pa mphasa imene anasewerera. Mwana amene akuika tatitali kuno ndi tatifupi uko akuphunzira kufananiza ndi kusiyanitsa, ndipo kumeneko ndiko kuyamba kwa masamu. Akuphunziranso kuti cinthu ca anthu onse cibwezedwa pa malo ace. Akulu anati m'mera mpoyamba. Amene wazolowera kubweza kanjerwa ali ndi zaka 5 sadzasiya khasu kumunda ali ndi zaka 15, ndipo tsiku lina akadzapatsidwa buku la katundu wa kopaletivu kapena makiyi a nyumba yosungiramo feteleza, mudzi udzagona tulo.

Loweruka likudzali, yalani mphasa, itanani ana, ndi kuyamba. Aphunzitsi ndi makolo amene muli ndi njira zina zosungira zoseweretsa, tilembereni kuti anzathu a m'maboma ena apindule nazo. Tidzakumananso sabata ya mawa.