Fischer sanaimbidwe mlandu wosewera chess

Pa 1 September 1992, atolankhani atadzaza chipinda ku Sveti Stefan, m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic ku Montenegro, Bobby Fischer anatulutsa kalata m'chikwama. Inachokera ku unduna wa zachuma wa kwawo ku America, yomuchenjeza kuti akasewera mpikisano wake ndi Boris Spassky m'dziko la Yugoslavia aphwanya lamulo. Anaikweza m'mwamba n'kuilavulira, makamera akujambula.

Mpaka lero alipo okonda chess amene amasimba nkhaniyi ngati ya ngwazi yozunzidwa popanda chifukwa. Amafunsa kuti munthu angasakidwe bwanji chifukwa chosuntha tizidole pa bolodi. Ine ndikuti mlandu umene boma la America linamuimba unali woyenera, ndipo Fischer ndale ankazidziwa bwino pamene ankasaina mgwirizano.

Taonani nyengo yake. Kuyambira April chaka chimenecho, mzinda wa Sarajevo unali utazingidwa ndi asilikali a Aserbia a ku Bosnia, amene ankauwombera kuchokera m'mapiri. Pa 27 May bomba linagwera anthu amene anali pamzere wogula buledi. Patapita masiku atatu, bungwe la United Nations linakhazikitsa chigamulo nambala 757 choletsa malonda, maulendo a ndege ngakhale masewero ndi Yugoslavia (Serbia ndi Montenegro). Timu ya mpira ya Yugoslavia inabwezedwa ku mpikisano wa Euro 92 ili kale ku Sweden, malo ake n'kutengedwa ndi Denmark, yomwe inakatenga chikho. Anyamata ampirawo sanawombere munthu, koma anapakira katundu n'kubwerera. Kodi Fischer anali yani kuti chiletso chimulambalale?

Ndiye pali nkhani ya ndalama. Mphoto inali madola 5 miliyoni, ndipo Fischer, atapambana magemu 10, kugonja 5 ndi kufanana mphamvu 15, anatenga 3.35 miliyoni. Amene anaika ndalamazo anali Jezdimir Vasiljević, mwini banki ya Jugoskandik, yomwe inkakopa anthu wamba ndi chiwongoladzanja chosatheka. Mu 1993 bankiyo inagwa, mwiniwake n'kuthawa, osunga ndalama n'kutsala manja ali m'khosi. Chimene Fischer anagulitsa ndi dzina lake, dzina la munthu amene anagonjetsa Spassky ku Reykjavik mu 1972 n'kusowa zaka 20. Dziko losalidwa linafuna kuonetsa kuti silili lokha, ndipo iye analipatsa chithunzi chimenecho. Zili ngati kukavina pa phwando la munthu amene akuotcha nyumba za anansi ake, utsi ukuoneka, iwe n'kumati ndangobwerera ng'oma.

Amene amati ndale zisalowe m'masewero akumbuke kuno kwathu kummwera kwa Africa. Dziko la South Africa linatsekeredwa kunja kwa masewero a Olympic kuyambira 1964, ndipo linabwerera mu 1992 momwemo, tsankho likutha. Kusalidwa kumeneko kunawapweteka olamulira a tsankho, ndipo timakutamanda. Sitingachite kuombera m'manja chiletso chikamateteza anthu a ku Soweto, n'kuchinyoza chikamateteza a ku Sarajevo.

Pali mfundo ziwiri za otsutsa zimene sindizipeputsa. Spassky anabwerera ku France osakhudzidwa, ndipo woyang'anira mpikisanowo, Lothar Schmid wa ku Germany, naye sanazengedwe. Zoona. Koma ulesi wa maiko ena sumuyeretsa Fischer. Umangoonetsa kuti enawo nawo anayenera kufunsidwa.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera, ndipo apa boma la America ndikulidzudzula. Chikalata chomumanga chinatuluka mu December 1992, pa mlandu wa chilango chofika zaka 10 m'ndende ndi chindapusa cha madola 250,000. Kenako anangomusiya akuyendayenda ku Hungary, ku Philippines ndi ku Japan zaka zoposa khumi. Anadzamugwira mu July 2004 pa bwalo la ndege la Narita ku Japan, pasipoti yake itathetsedwa mphamvu, munthuyo atanyoza kale Ayuda pa wailesi ndi kusangalalira chiwembu cha 11 September 2001. Mawu akewo anali onyansa, koma sindiwo anali pa chikalata chija. Lamulo likagona zaka 12 n'kudzuka munthu atatukwana, limaoneka ngati kubwezera, ndipo wolakwa amasanduka wofera choonadi m'maso mwa anthu.

Chofunika chinali kumutsata msanga, kumuimika pamaso pa woweruza ndi kumulanda ndalama za Vasiljević zija. M'malo mwake mkulu wa zaka 61 anakhala miyezi m'chitokosi cha ofesi yoona za olowa ndi kutuluka ku Japan, mpaka nyumba ya malamulo ya Iceland inamupatsa unzika mu March 2005. Anamwalira ku Reykjavik mu January 2008, mlanduwo usanalowe m'khoti.