Makhoti akale asagwe tikuona

Kuno ku Mbenji mlandu sulira nyumba. Msodzi akapezeka ndi mowa pachilumba, kapena akaponya khoka nyengo yotseka, nkhani yake imathera kwa Mfumu Makanjira ndi akomiti. Koma zimenezi zisatiiwalitse timakhoti takale timene tinamangidwa m'malikulu a mafumu: njerwa zootcha, denga la malata, khonde lotakasuka, ndi kansanja kutsogoloko pokhala oweruza. Tina lero n'mogona mbuzi ndi mileme.

Ena akuti zisiyeni zigwe, ati n'zokumbutsa nkhanza. Sindikuwatsutsa kwathunthu. Makhoti a mafumu anawakhazikitsa atsamunda mu 1933, ndipo mu 1969 boma la a Kamuzu linapereka mphamvu ku makhoti a miyambo zoweruza ngakhale milandu yakupha, loya osamulola kulowa. A Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anawagamula kuti anyongedwe mu 1983 m'bwalo lotere, ndipo a Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992.

Komatu abale, milandu imeneyo inkazengedwa m'makhoti akuluakulu a m'zigawo. Timakhoti takumudzi tinkamva za malire a minda, maukwati ndi ng'ombe zodya chimanga cha eni. Nanga tinalakwanji?

Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale lilipo kuyambira cha m'ma 1990. A nthambi yoona zakale abwere ku Salima kuno, alembe nyumbazi imodzi ndi imodzi, ndipo khonsolo ikhome malata mvula isanagwe, akuba njerwa asanatitsogolere.